Maso a Marita

Ndinaganiza zochoka chaka chotsatira njala ya fote naini, tili m'munda kupalira chimanga ine ndi mkazi wanga Agnesi. Ndinangoimika khasu n'kunena kuti, "Make mwana, ine ndikupita ku Halale." Iye sanaweramuke n'komwe, anangoti, "Pitani, kuno mudya chiyani?" Kwathu ku Ndunde ine ndinali mkamwini. Munda unali wa kuchikazi, nyumba ndinamanga ndekha koma padothi la eni ake, ndipo mwana wathu Marita, amene anali atangoyamba kuyenda chogwira zipupa, anali wa mbumba ya alamu anga a Sitefano, mlongo wake wa Agnesi. Changachanga chinali khasu ndi msonkho basi.

Za Halale achinyamata amandifunsa mpaka lero, amaganiza kuti kumeneko tinkatola ndalama mumsewu. Ha! Ndinakumba ngalande, ndinathirira maluwa a azungu, ndinagona m'chipinda chimodzi ndi amuna onunkha mapazi amene sindinkamva chilankhulo chawo. Tsiku loipa linali Lamulungu. Ukatuluka m'Misa, anzako akupita kwa akazi awo, iwe ukukakhala pabedi kuyang'ana jekete lako pamsomali. Ndinkalira, sindibisa ayi. Wina akamabwerera kumudzi ndinkamupatsira bulangete, nsalu, kaderesi ka mwana kongoyerekeza msinkhu, ndi kangachepe kokulunga m'mpango. Yankho linkabwera pakamwa patapita miyezi: afika nazo, akuthokoza, onse ali bwino.

Patapita zaka ndinapeza ntchito pachipatala chachikulu cha anthu akuda, yokankha odwala pabedi lamawilo kupita nawo ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni. Kumeneko kunali dokotala wina wachizungu, wamfupi, wadazi, wosakonda kulankhula, amene ntchito yake inali mitu yokhayokha. Ife a ku Nyasalande tinamupatsa dzina loti Kalipentala, chifukwa zida zake zinali zoboolera ndi macheka. Poyamba ndinkati munthuyu ndi mfiti yovala zoyera. Mutu wa munthu n'chinthu chotsegula ngati?

Anandisintha maganizo ndi mtsikana wina wamng'ono wa Chishona. Anabwera akuyenda chotagalala, kudzandira ngati woledzera, m'mawa uliwonse kusanza ndi kulira mutu. Kalipentala anamuunika m'maso ndi kanyali kakang'ono, anaboola timabowo pachigaza, kupopera mpweya mkati, n'kujambula chithunzi. Chithunzicho chinaonetsa chotupa kunkhongo, chimene chinatseka njira ya madzi a mu ubongo. Anamutsegula, n'kuchichotsa. Ndinamukankha ndine kupita, ndinamukankha ndine kubwera, ndipo mwezi usanathe kamwanako kankatibera shuga kukhitchini. Sindikunena kuti onse ankachira. Ena ndinawakankhira kumochale ndi manja omwewa. Koma ameneyo ndinamuona ndi maso anga akutuluka pageti akuyenda yekha.

Uthenga wa Marita unabwera ndi mnyamata wa ku Mauwa, tsiku Lamulungu, pabwalo la tchalitchi. Anayamba ndi mvula, anafika pa mbuzi, anadutsa pa amene anakwatiwa, ine ndikungoti eya, eya. Potsiriza ndiye akuti, "Koma mwana wanu uja mutu ukumuvuta. Amati waching'alang'ala. Amutemera mphini, asisitere kumishoni amupatsa kwinini, koma ayi ndithu. M'mawa amasanza. Tsiku lina anaswa mtsuko kuchitsime, anzake kumuseka kuti walawa masese a amake, poti akuyenda chopepesuka."

Ndinamugwira malaya mnyamata uja. "Akuona? Maso akuona?"

"Akuona. Kungoti nthawi zina amati kwachita mdima, kenaka kumayeranso."

M'mawa mwake ndinachita chimene wokankha mabedi sachita: ndinamuimitsa Kalipentala pakhonde. Odale wina wakwathu, wothandizira madokotala, ndiye ankamasulira. Dokotala uja anamvetsera osandidula, anafunsa msinkhu wa mwana, anafunsa ngati diso lina lapotoka. Kenaka anati, "Sindinganene ndisanamuone, koma zikufanana. Matendawa ndi osowa, ndipo kwanu kulibe amene angamutsegule. Kamutengeni msanga. Madzi akachuluka m'mutu amafinya mitsempha ya maso. Chotupa ndikhoza kuchotsa, koma mitsempha imeneyo ikauma sindingaidzutse." Anandilembera kalata yodutsira m'malire, ndipo sabata yomweyo ndinakwera lole yodzera ku Tete.

Ndinafika kumudzi chimanga chili m'maondo. Marita ndinamupeza pakhonde, wowonda, mutu atamumanga ndi nsalu yothina kuti ululu uchepe, mphini zili ndandanda m'mbali mwa nkhope. Diso lakumanzere linali litapotokera kumphuno. Sanandidziwe, nanga akanandidziwa bwanji? Amake anati, "Awa ndi ababa ako." Mwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka pansi, n'kunena kuti, "Nsapato zawo n'zofiira." Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati Ambuye zikomo, ndafika nthawi yabwino.

Madzulo ake tinakhala pansi pa mango ndi alamu anga. Musandimve molakwa, a Sitefano sanali munthu woipa. Ndi iwo amene ankamubereka mwanayo kumsana kupita naye kumishoni ine kulibe, ndi iwo anagulitsa mbuzi yawo chifukwa cha iye. Ndinafotokoza zonse, za chotupa, za madzi, za mtsikana wa Chishona uja. Iwo anamvetsera akusisita ndevu.

"Akuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero. "Koma alamu, kalumo kanuka n'koopsa. Kutsegula mutu wa mwana!"

"Akapanda kutsegulidwa achita khungu, kenaka afa."

"Ine sindikukana. Koma nkhani iyi yandikulira. Pambumba ino ine ndine mwana. Mwini wake alipo, atsibweni athu a Mulima, ali ku Milanje kwa Apwitikizi. Mwana akakafera kumeneko, n'kuikidwa pakati pa alendo, mutu wong'amba, ine ndidzawauza chiyani? Titumize munthu, abwere, amve okha."

Ndinaimirira n'kukuwa, "Mwanayu ndinabereka ndine!" Amayi amene ankasinja chapafupi anasiya misi. Mkamwini sakweza mawu pamudzi pa eni ake, ndipo ine ndinakweza. A Sitefano sanakwiye. Anangoti, "Palibe akukutsutsani, alamu. Koma pakagwa zovuta, manda amaloza ndani, inu kapena ife?" Ndinakhalanso pansi.

Ndinaganiza zomuba mwanayo, ndinaganizadi. Ndinamuuza Agnesi kuti tidzuke naye tilunjike ku Limbe kokakwera lole, zinazo tidzaziona. Mkazi wanga analira mosatulutsa mawu. "Inu muli ndi kothawira," anatero. "Mukamutenga mwakuba n'kukafera komweko, ine ndidzakhala mudzi uti? Adzati ndinagulitsa mwana." Ndinamuyang'ana, ndinaona kuti akunena zoona, ndipo ndinadana nazo zoonazo.

Munthu anatumidwa wapansi. Inali nthawi ya dzinja, mtsinje wa Thuchila utadzaza, ndiye anakhala tsidya lino kudikira madzi aphwe. Atafika ku Milanje anapeza nkhalamba yapita kumaliro kutali. Itabwerako, mwendo unali utatupa. Ife kuno kudikira. Ndinapita kumishoni kukapempha kuti atilankhulire, asisitere anabwera, anachonderera, anthu anawalandira mwaulemu n'kuwapatsa mazira, koma yankho linali lomwelo: eni ake ali m'njira.

M'mawa uliwonse ndinkamuyesa maso. Ndinkaima patsogolo pake n'kukweza chinthu. "Ichi n'chiyani, Marita?" Poyamba ankayankha asanaganize: supuni, chisa, chipewa cha atsibweni. Kenaka anayamba kupendeketsa mutu ndi kundiuza kuti ndisendere pafupi. Tsiku lina ndinakweza bango lakupsa la mumtengo wa mango uja, iye anati, "Bango!" Ine kukondwa. Mawa lake ndinakweza mpeni, iye anakoka mpweya m'mphuno, anakokanso, n'kukhala chete. Pamenepo ndinadziwa kuti dzulo lija anachita kununkhiza. Kamwana kochenjera, kankafuna kundisangalatsa mlendo wa nsapato zofiira. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe, ndinalira ngati mkazi wamasiye.

Chimanga chikumasula ngayaye, m'mawa wina dzuwa litakwera, Marita atakhala pabwalo penipeni, anaitana: "Amayi, tatsegulani chitseko, muno mwada." Agnesi anali akupeta. Lichero linagwa.

A Mulima anafika masiku ochepa pambuyo pake, nkhalamba yaing'onong'ono yoyendera ndodo, yolankhula Chilomwe chokhachokha. Mbumba yonse inasonkhana. Ine ndinali nditakonza mawu akuthwa, ndinati lero andimva. Ndinafotokoza, a Sitefano akumasulira pamene nkhalamba sinamve. Inaitanitsa mwana, inamugwiragwira mutu, inayendetsa dzanja pamaso pake, mwana osaphethira. Kenaka inatembenuka n'kutiyang'ana tonse.

"Nanga mumadikira chiyani? Mwana akudwala chonchi, mankhwala aliko, inu mwakhala pansi? Mukanapita naye, ine n'kudzandiuza pambuyo."

Abale inu! Mawu anga akuthwa aja ndinawameza onse. Ndikanamulasa nawo ndani? Palibe anakana, kuyambira pachiyambi palibe ndi mmodzi yemwe anakana. Aliyense ankangoopa kulumpha mnzake. A Sitefano anaphimba nkhope ndi chipewa, mapewa akugwedezeka, ndipo mawa lake ndi iwo anamubereka Marita mpaka kumsewu.

Ulendo wonse mwanayo anagona pamiyendo panga, akusanza m'thaulo, ine ndikumuuza zimene tikudutsa: uwu ndi mtsinje waukulu, lole yakwera pantoni, iyo ndi milambe. Ku Halale Kalipentala anamuunika m'maso nthawi yaitali, diso ili, diso ilo. Anazimitsa kanyali kake. Sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangoti, "Maso mwachedwa nawo. Moyo tiyesa." Bedi la Marita ndinakankha ndekha, anzanga anafuna kundilandira, ndinakana. Kalipentala anachotsa kathumba kamadzi ndi kachotupa konga dzira la nkhunda. Marita anadzuka. Mutu unaleka, kusanza kunatha, anayambanso kuyenda mowongoka atagwira chala changa m'makonde a chipatala. Manesi ankamukonda chifukwa ankawazindikira ndi mayendedwe. Koma kuona sanaonenso.

Ntchito ndinasiya. Ndinati mwana wosaona afunika bambo ake pafupi, ndipo ku Halale sindinapondekonso mpaka lero. Ndakalambira pamudzi pomwepa, achinyamata amanditchula a Mtchona, ine ndimangowatukwana n'kuseka nawo. Koma tsiku limene tinafika kumudzi silichoka m'mutu mwanga.

Atationera patali, amayi a m'mudzi anathamanga ndi nthungululu, kumulanda mwana m'manja mwanga, kumugwira chipsera cha kunkhongo, kuyamika Mulungu. Ambiri sankayembekeza kuti abwera wamoyo. Ine ndinatsala kumbuyo ndi sutukesi. Chisangalalo chitachepa, a Sitefano anabwera atanyamula tambala woyera, ananjuta patsogolo panga, anthu onse akuona.

"Alamu, mwatigwirira ntchito yaikulu. Mwatibwezera mwana wathu. Landirani kankhuku aka."

Nkhuku amapatsa mlendo. Ndinaiyang'ana, ndinawayang'ana iwo, misozi ili m'maso mwawo, akuthokoza ndi mtima wonse. Ndikanatani? Ndinalandira ndi manja awiri.

Anthu atabalalika ndinakhala pakhonde, tambala uja ali pambali atamangidwa miyendo. Marita anatuluka m'nyumba akupapasa chipupa, anapeza phewa langa, n'kukhala pafupi nane monga tinkakhalira kuchipatala. Anandigwira dzanja, akusewera ndi zala zanga.

"Ababa," anatero, "nanga kwanu mubwerera liti? Mundiuziretu, ndikusendereni mtedza wa kamba."