Besi ya Wogulitsa Tofu

A Furihata Shigeo a ku Matsumoto sadziwa kuimba gitala. Ichi tinene poyambirira penipeni, poti eni akewo sangachinene. Akhala akukonza magitala a besi akalekale zaka makumi anayi, koma mukawapatsa kuti aimbe amangokhudza nsambo imodzi kamodzi, duu, n'kutsinzina ngati akumva uthenga wochokera kutali, basi nyimbo yathera pomwepo. Akazi awo, mayi Fusae, amati chikwatiwire anamvapo mawu anayi okha, nsambo iliyonse ake.

Koma pa kuizindikira besi, apo ndiye asiyeni. Analowa ntchito ali ndi zaka 19 pa fakitale ina ya m'mbali mwa mtsinje, masiku amene tauni yathu yonse inkanunkha vanishi, ndipo ntchito yawo inali yopala makosi a magitala ndi sandipepa kuyambira m'mawa mpaka belu lowerukira. Fakitale itatsekedwa, anzawo anapita kukapanga mawotchi ndi kukalima maapulo. Iwo anachotsa njinga m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba, n'kukhomamo misomali yokolekera mabesi. Anthu amachokera ku Osaka ndi ku Sendai atanyamula zikesi zazitali ngati mabokosi a maliro. A Furihata amatsegula, amanunkhiza kaye, amagogoda thupi ndi chala, kenako amatchula chaka. Sakonda besi yopukutidwa. Bambo wina anabwera nayo atachotsa litsiro lonse, ikuwala ngati mbale, ndipo a Furihata anamufunsa modekha ngati makwinya a bambo ake anawasitanso.

Mnzawo wapamtima anali a Kamijo Noboru, ogulitsa tofu, chakudya chopangidwa ndi soya, amene ankaimba besi pa maukwati ndi pa chikondwerero cha m'dera. Mu 1983 a Kamijo anapita ku Tokyo n'kubwerako ndi besi yofiira moderako, dzina la kampani ya ku Amerika lili pamutu, penti yoperepeseka pamene mkono umatsamira. Anakaionetsa ku kagulu ka okonda mabesi kamene kamakumana mwezi ndi mwezi pamwamba pa malo odyera soba, chakudya chonga supageti. A Aruga, ometa tsitsi, anaitembenuza n'kunena kuti china chake sichikuwakhalira bwino. A Furihata, amene tsiku limenelo anali atamwako pang'ono ndipo mphuno inali itagona, anailanda, anainunkhiza, n'kugamula.

"Ya ku Amerika yeniyeni, ya 1963. Ndikanama, iwe Aruga, undimete mpala."

Tsitsilo linadzapita lokha m'kupita kwa zaka, koma mawuwo anatsala. Besi ya a Kamijo inasanduka chonyadira cha dera lonse, ndipo alendo akabwera kwa a Furihata ankatumizidwa ku sitolo ya tofu kuti akaone mmene yeniyeni imaonekera. Choonadi cha besi chimakhala kutsinde kwa khosi, pamene pamabisika likamangidwa kuthupi, chifukwa opanga amalembapo tsiku kapena kudindapo. Koma pakati pa anthu amenewa sumapempha mnzako kuti umasule khosi la besi yake. N'chimodzimodzi kumuuza kuti avule malaya uone ngati anasamba. A Kamijo nawo sankalola munthu kuyandikira ndi sikuludiraiva. Nsambo ankasintha okha, ndipo khosi litayamba kupindika ankangokanikiza zala mwamphamvu n'kumati zala za wopanga tofu zimafuna ntchito.

A Kamijo anamwalira chaka chatha, mapiri atayamba kuyera pamwamba ndi chipale chofewa. Patatha milungu isanu, mayi Tomie, akazi awo, anafika kwa a Furihata akukoka chikesi pa kangolo konyamulira tofu.

"A Furihata, pepani kukusokonezani. Mwambo wa tsiku la 49 chimwalirireni bambo wayandikira, tigawa katundu wa malemu kwa abale. Besiyi anati ipite kwa Michiru, mwana wa mlongo wawo, uja amayendetsa basi. Ndiye mundiwongolere khosili. Komanso mundilembere kapepala konena chimene ili, mudindepo dzina lanu, mwanayo adziwe chimene walandira."

"Zimenezo n'zazing'ono, mayi. Pofika Lachisanu zatheka."

A Furihata anawaperekeza mpaka pamsewu, akuwerama mobwerezabwereza, koma kunena zoona mumtima munali kachimwemwe kamene sakanakaulula pamaliro. Zaka zonsezi ankalakalaka kuona m'kati mwa besi imeneyi.

M'mawa mwake anayala nsalu pa tebulo, anamasula nsambo, n'kumasula masikuluwu anayi a kumbuyo. Khosi linatuluka ndi kaphokoso kochepa. Anavala magalasi, akuyembekeza kuona manambala a pensulo a mzungu wina amene anamwalira kalekale. M'malo mwake anaona kachidindo kofiira, kozungulira, kobenthuka pang'ono kumanzere. Anakadziwa asanakawerenge n'komwe. Kanabenthuka mu 1974, tsiku limene anakagwetsa pa simenti ya m'fakitale. Kanali ka dzina lawo, ndipo khosi lililonse limene ankamaliza kupala ankalidinda ndi kameneka.

Besi yotchuka ya ku Amerika inabadwira kutsidya kwa mlatho, mtunda woyenda mphindi khumi pa njinga. Wakuba wina wa ku Tokyo anangomata dzina lachilendo pamutu, n'kuikamo zitsulo zakale, n'kukwecha penti. Ndipo katswiri amene ananunkhiza n'kulumbira anali kununkhiza thukuta lake lomwe.

Mayi Fusae atabwera ndi tiyi anawapeza atakhala pa mpando, khosi lili pamiyendo ngati mwana wodwala.

"Bambo, mwaona mzukwa?"

Anawaonetsa. Mayi Fusae anayang'anitsitsa, anaika thireyi pansi bwinobwino kuti tiyi asatayike, kenako anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndiye kuti ndinakwatiwa ndi Mmerika osadziwa! Bwanji simunanditengere kwanu ndikaone?"

"Mayi, si zoseka izi."

"Ine ndikuseka inuyo, osati a Noboru."

Kuseka kutatha, nkhani inatsala pa tebulo. Kapepala kaja. Akalemba 1963 n'kudinda, palibe amene angatsutse, ndipo khosi akalimanga mwina silidzamasulidwanso iwo ali moyo. Akalemba zoona, ndiye kuti akauza mayi wamasiye kuti amuna ake anapusitsidwa, ndi kuuza dera lonse kuti amene anawathandiza kupusa ndi Furihata. Masiku awiri anadya mpunga ngati akutafuna utuchi. Anafika polemba "1963" pa pepala loyeserera, n'kuliyang'ana, n'kulipinda kanayi.

Tsiku lachitatu anaganiza zongogwira ntchito ya manja, mutu upume. Anatenga masikuluwu aja kuti awapake mafuta, ndipo monga mwa chizolowezi anawayang'ana kaye pa galasi lokulitsa. Sikuluwu imanena amene anaigwira. Mmisiri amasiya mutu wake wosalala. Awa anali ndi mabala a munthu wamphamvu koma wosadziwa, amene anagwiritsa sikuludiraiva yaikulu mopitirira, ikuterereka. Mabalawo anali akale, dzimbiri litalowamo. Anatembenuzanso khosi lija. Pafupi ndi chidindo, pa thabwa losapaka, panali chala chachikulu chodindika ndi mafuta, ndipo atayandikitsa mphuno, ulendo uno ili maso, anamva kafungo ka mafuta okazingira tofu amene analowa m'thabwa n'kukalamba momwemo.

A Kamijo anamasulapo. Kamodzi kokha, kalekale. Anaona dzina la mnzawo, anamanga, n'kukhala chete.

A Furihata anakumbukira alendo onse amene anawatumiza ku sitolo ya tofu, ndi mmene a Kamijo ankaitulutsira besiyo akumwetulira n'kunena kuti, "Funsani a Shige, ine ndimangoimba." A Furihata ankayesa kuti n'kudzichepetsa chabe. Anakumbukiranso khosi lopindika lija, zaka ndi zaka munthu akupweteka zala, pamene wokonza ali nyumba yachisanu kuchokera pakhomo pake ndipo akanakonza ulere. Anavula magalasi n'kukhala nthawi yaitali akuwapukuta, ngakhale anali oyera kale.

Lachisanu anapita okha kwa mayi Tomie, besi ili kumsana. Anayatsa lubani pa guwa la m'nyumba, pamaso pa chithunzi cha a Kamijo, n'kuchiyang'ana mokwiya pang'ono. Kenako anagwada pa mkeka, anaika manja pansi, n'kufotokoza zonse, mutu uli chowerama.

Mayi Tomie anayang'ana besi ija.

"Ndiye kuti si ya ku Amerika."

"Si ya ku Amerika, mayi. Ndi ya kuno. Khosi ndinapala ndine."

"Ndipo bambo ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Mdala ameneyu!" anatembenukira chithunzi chija. "Ine kuipukuta ndi nsalu ya silika zaka zonsezi, poidutsa n'kumayenda chonyang'ama! Chivomezi chija, a Furihata, anayamba kutulutsa besi, ine pambuyo."

Anaseka pang'ono, misozi ikutsika, n'kupukuta ndi m'mphepete mwa epuloni. Kenako anati ngati a Furihata akufuna, nkhaniyi ithere m'chipinda momwemo. Kapepala angosiya, Michiru sangafunse.

"Ayi, mayi. Munthu mmodzi wandisungira manyazi zaka makumi atatu ndi kuposa. Sindingakusenzetseni inunso."

Tsiku la 49, wansembe atamaliza mapemphero, abale ndi anzawo anakhala pa matebulo aafupi kudya. Katundu anagawidwa: wotchi kwa mng'ono wawo, jekete kwa mlamu, ndodo zowedzera kwa mnansi amene ankazibwereka kale osabweza. Itafika besi, a Furihata anaimirira ndi kapepala. Mawondo analira, chipinda chonse chinamva. Anawerenga kuti besiyi inapangidwa ku Matsumoto cha m'ma 1974, kuti dzina lili pamutu ndi labodza, kuti thupi ndi khosi n'zabwino ndipo zidzatha zaka zina makumi asanu, ndi kuti amene ananena zina mu 1983 analakwitsa, ndipo ndi yemweyo wadinda pansipa.

A Aruga, amene tsopano amayenda ndi ndodo ndipo khutu limodzi linapuma ntchito, anafunsa woyandikana naye kuti wati chiyani. Atauzidwa, anaika timitengo todyera pansi, nkhope ikuwala ngati mwana wopatsidwa switi.

"Shige! Bwerezanso, sindinamve bwino."

"Wamva, Aruga."

"Ndamva, koma ndikufuna ndimvenso. Ndadikira nthawi yaitali, ndingafe mawa."

Anthu anaseka, ena mobisa pakamwa ndi dzanja chifukwa panali pamwambo. A Furihata anawerama kwa a Aruga, kuwerama kwenikweni kofika m'chiuno, ndipo izi zinawasokoneza a Aruga kuposa chipongwe chilichonse. Anayamba kukhosomola, n'kunena kuti komabe khosilo ndi lopalidwa bwino, iwo sanatsutsepo za khosi.

Michiru, mayi wa zaka makumi anayi wa mapewa a munthu wozolowera chiwongolero, anali atatsegula kale chikesi. Analibe chokuzira mawu, ndiye anatsamiritsa mutu wa besi pa chitseko cha matabwa kuti chilire nawo, n'kuimba pang'ono kanyimbo kamene amalume ake ankatsekera nako maukwati. Mayi Tomie anatuluka kupita kukhitchini, akuti kukaona tiyi. Michiru anaima pakati, anabwereza malo amodzi kawiri, n'kukwinya nkhope.

"Amalume a Furihata, ndiye mwati wopanga wake ali moyo?"

"Ali moyo, mwanawe. Pang'ono."

"Zakhala bwino. Ndimadandaula kuti ikavuta ndidzalembera ndani ku Amerika. Nsambo yachitatuyi ikulira ngati ntchentche apa."

"Sizingatheke. Ndayeza ndekha."

"Imvani nokha."

A Furihata anagwada pambali pake pakati pa mbale ndi makapu, anatsamiritsa khutu, ndipo ntchentche ija anaimva. Anapisa m'thumba la jekete lawo lakuda la pamaliro, n'kutulutsa kasikuludiraiva kakang'ono. Mayi Fusae anaphimba kumaso.

"Gwira apa," anatero a Furihata. "Usagwedeze. Imbanso."