Pulagi Yakana Kutuluka, Ba Tate

Ba Tate, sindinagone chifukwa cha pulagi imodzi. Ndinalonjeza amayi kuti Loweruka mwala wa pamanda panu ndinyamula ndekha pa vaneti yanga. Dzulo ndinapupuluma kusintha mapulagi injini ikali yotentha, ndiye yomaliza yakana kutuluka. Ndikaikakamiza ithyokera m'kati.

Ndakumbuka ku Chawama, chaka chomwe kampani yanu inagulitsidwa, tikukonza kavaneti kakale kamene kanatilera. Nditafuna kumasula pulagi injini ikali yotentha, munandimenya padzanja: "Iwe, leka izizile! Tiye tipemphele." Tinapempheradi mpaka injini inazizira. Mulungu andikhululukire, dzulo sindinadikire, sindinapempherenso. Inu simungandiyankhe, ndikudziwa. Koma anzawo a Ba Tate amene mukuwerenga izi, ndiuzeni Lachisanu lisanafike: pulagiyo ndiithire mafuta oifewetsa ndidikire, kapena Ba Tate ndiwanyamulire mwala pa galimoto ya eni?