Zala Zitatu za Mhoja

Mhoja Lugwisha wa m'mudzi wa Igalamila, kumadera a Tabora, ankadziwa mitengo kuposa anthu. Ankasenda makungwa, kukonza ming'oma ya njuchi, n'kuipachika pamwamba poti ena amachita chizungulire pongoyang'ana. Njuchi zinkamumvera. Chosamumvera chinali lilime lake. Anabadwa ndi chibwibwi choti akayamba kupereka moni, wolonjeredwayo ankafika kumsika moniwo usanathe. Tinkamuseka tonse, ndipo lero ndimachita nazo manyazi.

Pofunsira mbeta anangofika pa "ndi-ndi-ndi", Kabula n'kumudula: "Ndamva kale, pita ukauze amalume." Kuyambira pamenepo Kabula ndiye anali pakamwa pa banjalo, kumsika, kuchipatala, ngakhale pamaliro.

Mwana wawo Shija anatengera kulongolola kwa mayi ndi kukwera mitengo kwa bambo. Tsiku lina alonda anamupeza m'nkhalango ya boma ali ndi chingwe ndi muuni wa utsi, pafupi ndi pomwe anthu ena anaphera njati. Anamutengera kundende ya kutauni kuti akadikire mlandu. Anadikira zaka zitatu osaona nkhope ya woweruza. Fayilo yake akuti inasowa. Chiyembekezo chawo chinali Bundala, mchimwene wa Kabula, khansala wokonda kuseka ndi kugwira anthu pamapewa, amene ankati ali ndi mnzake kukhoti. "Mwezi wamawa, alamu," ankatero mwezi uliwonse.

Kenako kunamveka kuti dziko likulemba malamulo ake aakulu atsopano, ndipo akuluakulu azungulira midzi kumva maganizo a anthu. Mphunzitsi wina anawerenga chikalata chawo pamsika: mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo palibe woposa lamulo.

"Ndiye kuti mabwana ndife?" anatero Kabula. "Bwana wanji wong'aluka zidendene?"

Koma Mhoja sanaseke. Mawuwo anamulowa.

Mndandanda wa oyankhula pamsonkhano wa kwathu, aliyense mphindi zitatu, anakonza ndi Bundala, ndipo analembapo Mhoja. Kabula anakadandaula. "Achimwene, mwalemba munthu woti mphindi zitatu zimathera pa dzina lake? Lembani ine."

"Akazi akwana kale, mlongo wanga. Alamu ndi munthu wamkulu, akangoima basi ulemu wakwana." Ine ndimati Bundala anasankha dala munthu woti sangawononge kanthu.

Masabata awiri Mhoja anaphunzira chiganizo chimodzi: mwana wa munthu asagone m'ndende osaonana ndi woweruza. Ankachinena kuthengo, ali pamwamba pa mtengo, ndipo kumeneko chinkatuluka chosalala ngati uchi wa m'chilimwe. Lachiwiri lina, tsiku loonera akaidi, anakauza Shija pawaya wa ndende kuti nkhani yake ikafika kwa olemba malamulo. Shija anaseka koyamba m'chaka chimenecho.

Msonkhano unachitikira pabwalo la sukulu. Patebulo panakhala mayi wamagalasi wotsogolera, pambali pake mlembi ali ndi belu. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo ya mango. Koma masiku amenewo dziko lonse linkakangana chinthu chimodzi: kaya mgwirizano wa dera la kumtunda ndi zilumba za m'nyanja yamchere, zomwe zinapanga dziko limodzi, ukhalebe ndi maboma awiri, kaya akhale atatu. A chipani cha Bundala ankati awiri, otsutsa ankati atatu. Aliyense woima ankatchula nambala yake, anzake n'kukuwa, mlembi n'kuchonga. Za madzi, za minda, zinkangomizidwa m'phokosomo.

Dzina la Mhoja linaitanidwa dzuwa litapendeka. Anavala jekete la ukwati, lomwe linali litamuthina m'khwapa. Anagwira chinkuzamawu ndi manja onse.

"Mwa-mwa-mwa..."

"Musafulumire, bambo," anatero mayi wamagalasi, ndipo ananena mokoma mtima ndithu.

"Mwa-mwa-mwana wa-wa..."

"Ikankheni, injini yazima!" wina anakuwa kumbuyo. Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. Mhoja anayesanso. Chiganizo chija chinalipo, chathunthu, ankachiona, koma chinakakamira pammero ngati fupa la nsomba.

"Yatsala theka la mphindi," anatero mlembi. "Mfundo yanu ndi iti, bambo?"

Mhoja anachita zomwe ankachita kumsika mawu akamukana. Anakweza dzanja, n'kutambasula zala zitatu: zaka zitatu za mwana wake.

Bwalo linaphulika. Anyamata otsutsa anaimba malikhweru, a Bundala anakuwiza. "Zaka! Akunena zaka!" Kabula anafuula mpaka mawu anasasa, koma ndani akanamumva? Mlembi anawerenga molemba: "Mhoja Lugwisha, maboma atatu." Belu linalira, ndipo wotsatira anali ataima kale kudikira chinkuzamawu.

Anyamata aja anamunyamula pamapewa mpaka pamsika, kumugulira tiyi ndi zitumbuwa za mpunga. "Mwawaonetsa, mdala! Osataya n'komwe malovu!" Iye ankapukusa mutu, iwo n'kumati ndi kudzichepetsa. Galimoto ya akuluakulu inanyamuka iye akulimbana ndi liwu loyamba lowafotokozera.

Bundala anabwera m'mawa mwake, osaseka, osagwira phewa la munthu. "Alamu, mwandivula pagulu. Ndakulembani ndine, inu n'kukaimira adani anga? Za fayilo zija mukafunse anzanu a maboma atatuwo." Kabula anagwada, anafotokoza, analira. Bundala anangoti zolembedwa zalembedwa.

Lachiwiri linafika. Kabula anakana kupita, anati mtima wake sungapirire. Mhoja anapalasa njinga yekha, atamangirira botolo la uchi ndi mbatata zouma kumbuyo. Njira yonse ankafunafuna mawu ouzira mwana wake, koma sanawapeze.

Shija anatulukira kuseri kwa waya ataonda, atameta mwatsopano, maso akuwala.

"Bambo, olemba malamulo aja anabwera?"

Mhoja anagwedeza mutu kuvomera.

"Munaima pamaso pawo? Inuyo?"

Anavomeranso.

"Nanga analemba? Muja mumanenera kuti amalemba chilichonse?"

"A-a-analemba," anatero Mhoja.

Shija anatembenukira anzake omwe anaunjikana kumbuyo kwake, ena a zaka zinayi, ena zisanu. "Mwamva, akuluakulu? Nkhani yathu yafika. Bambo anga akaiyankhula!"

Ndipo akaidi onse anayamba kumuombera m'manja.