Mlongo Wanga Wopanda Dzina

M'mawa umenewo ndinkachapa matewera kuseri kwa nyumba. Ndinali ndisanathe msinkhu. Tinkakhala pa famu ina kumpoto kwa Lusaka, kumene atate ankaweta ng'ombe za eni famu. Kutsidya kwa dambo kunali msasa wa anthu othawa nkhondo ku Rhodesia. Tinkawagulitsa tomato.

Amayi anali m'chikuta ndi mwana wamwamuna, mchombo usanagwe. Kwathu mwana wotere sapatsidwa dzina, ndipo bambo wake samunyamula. Tinkangoti khanda.

Ndege zinabwera dzuwa lisanatenthe. Zinauluka m'munsi moti madzi a m'beseni ananjenjemera. Kenako nthaka inagunda. Utsi wakuda unakwera kumsasa. Anthu anayamba kudutsa m'munda mwathu akuthamanga. Wina anali ndi nsapato imodzi.

Atate anali kubusa. Sitinawadikire. Amayi anakulunga khanda m'chitenje n'kutuluka m'chikuta nthawi isanakwane. Ine ndinabereka mng'ono wanga Tisa. Tili patali ndinaona kuti thewera lonyowa lidakali m'manja mwanga.

Tinadzera m'tchire poopa msewu. Amayi ankasiya madontho a magazi pa udzu. Khanda linalira mpaka dzuwa lili paliwombo. Kenako linaleka.

Ku Chunga mayi wina wogulitsa makala anatipatsa madzi. Anasuzumira m'chitenje, n'kuyang'ana amayi. "Mayo, nkhalani pansi," anatero. Amayi anapukusa mutu. Mwamuna wake anatikweza pa lole ya makala mpaka m'tauni.

Kabwata, komboni imene ankakhala amalume, inali itadzaza kale. Tinyumba tofanana, mitundu yosiyana, khomo lililonse chinenero chake. Nambala ya nyumba ya amalume sitinkaidziwa. Amayi ankangofunsa a Phiri a ku Katete, okonza njinga. A Phiri anali ambiri. Tinawapeza dzuwa likulowa.

Akazi a amalume analandira chitenje chija. Anachivundukula pang'ono, n'kuchitsekanso.

Kutacha, azimayi achikulire okhaokha anapita nalo khandalo kukaliika. Panalibe bokosi, panalibe nyimbo. Anatiuza kuti tisalire. Mwana wopanda dzina saliridwa, chifukwa misozi imatseka mimba ya mayi wake. Amayi anamvera. Anachapa chitenjecho n'kuchiyanika pa waya.

Atate anatipeza patapita masiku, khutu limodzi litagontha. Mwana wawoyo sanamunyamulepo.

Ku famu sitinabwererenso. Amayi anabereka ena ku Kabwata komweko. Tinakula, tinakwatiwa, tinachulukana, ena ku Chelstone, ena ku Chunga. Munthu akawafunsa kuti anabereka angati, amayi ankati asanu ndi mmodzi. Akatero ankayang'ana pansi.

Chaka chatha tinawaika m'manda amayi. Mkulu wa mpingo anaimirira kunena mbiri yawo: kumene anabadwira, chiwongo chawo, ana asanu ndi mmodzi, zidzukulu, zidzukulutudzi. Anthu ankagwedeza mitu, kuyamikira kukula kwa mbumba. Ine ndinali pafupi. Ndinawakoka malaya.

"Ba elda, ana ni seveni."

Anawerama. "Winayo dzina ndani, mayo?"

"Analibe. Koma matewera ake n'nachapa ndine."

Mkuluyo anaweramuka. Kenako anakweza mawu, nanena kuti malemu anabereka ana asanu ndi awiri. Tisa anandigwira dzanja. Pamenepo ndi pamene ndinamulira mlongo wanga.