Mwana Wopanda Chikalata

Achemwali anga atamwalira ku Dedza, anasiya kamtsikana ka miyezi isanu ndi inayi. Tsiku lometa, amalume anangokanyamula n'kundipatsa. Panalibe kusainirana. Kwathu mwana wa mbale wako wa bere limodzi ndi wako, ndipo kufunsa pepala pamaliro kukanakhala kutukwana. Ndinakalembetsa m'pasipoti ngati mwana wanga, n'kubwerera nako ku Nairobi, komwe ndinkagwira ntchito kubungwe la mpingo.

Tinakhala zaka zisanu m'dera la Umoja popanda wotifunsa. M'mawa ndinkamusiya kusukulu ya mkaka, ine n'kuthamangira minibasi, zomwe kumeneko amati matatu. Kenako kunabwera lamulo latsopano loteteza ana, loti malo onse osungirako ana alembetse kuboma, mwana aliyense akhale ndi fayilo yake. Ndinaliwombera m'manja lamulolo, mpaka kumaliphunzitsa pamisonkhano ya kuntchito, ndikudzitukumula ngati ndinalilemba ndine.

Lachisanu lina mphunzitsi wamkulu wa kusukuluko, mayi wofatsa, anandiitanira pambali. Kalata ya ubatizo yomwe ndinapereka inkatchula achemwali kuti ndiwo mayi wa mwanayo, pasipoti inkatchula ine, ndipo mkulu wa boma woona za ana anali ataziona zonse ziwiri. Mphunzitsiyo anati masiku amenewo boma linali maso ndi anthu odutsitsa ana pamalire, moti mwana wokayikitsa mwini wake ankakamusunga kaye kunyumba ya boma mpaka khoti ligamule. Ndinapsa mtima, ndinalongosola za amalume ndi za mwambo. Iye anangoti mwambo sulowa m'fayilo. Anati Lolemba tikaonekere kuofesi ya boma yoona za ana, ndipo mwanayo akamufunsa payekha.

Mantha anandigwira, pakuti mwanayo sankadziwa kanthu. Kwathu zoterezi sitiuza mwana, amadzazimva yekha atakula. Koma akanakanena kuti ndinamubereka ndine, akuofesiwo akanati ndamuphunzitsa bodza.

Loweruka ndi Lamlungu ndinangozengereza. Ndinadzamuuza Lolemba m'mawa m'matatu, magalimoto atathithikana pa Donholm: za achemwali, za manda a ku Dedza, ndiponso kuti mwina akagona kwina masiku angapo. Anamvetsera akupotokola lamba wa kachikwama kake.

"Ndiye akandifunsa kuti inu ndinu ndani, ndinene chiyani?"

"Unene zoona, mwanangu."

Kenako tinatsika. Tili pakhomo la ofesi, anasiya dzanja langa n'kundiyang'ana.

"Mwanditengera mswachi wanga?"

Ndinali nditautenga.