Dalaivala Amene Ankafuna Makandulo

Ngati muli ndi digiri imene ikungodya fumbi m'sutikesi, khalani pansi kaye. Nkhani iyi ndi yanu, ndipo ikuyamba ndi manyazi.

Panali mtsikana wina amene kugalaja ya amalume ake ankamutchula kuti Bonzhu, potengera moni wa Chifalansa, chifukwa anaphunzira Chifalansa kuyunivesite zaka zinayi zathunthu. Zaka zina zitatu anazithera mumsewu, envulopu ili m'khwapa, mpaka nsapato zinatha zidendene. Mabwana ankaiyang'ana digiriyo ngati chithunzi cha mwana wa eni ake. "Yokongola ndithu," kenako n'kumubwezera.

Amalumewo anamutenga chifukwa cha chisoni basi. Ntchito yake inali kusesa, kutsuka masipanala m'beseni la parafini ndi kuwiritsa tiyi wa amakaniki.

Tsiku lina masana kunalowa kagalimoto konyamula katundu, kakutsokomola ndi kunjenjemera. Dalaivala wake anali wa dziko lakutali. Analankhula, analoza injini, anatukula manja, koma palibe anatolapo kanthu.

"Bonzhu! Siya tsachelo, lero ndiye lako," anakuwa makaniki wamkulu, amene onse ankamutchula kuti a Girizi.

 Bonzhu anapukuta manja n'kumulonjera mlendoyo m'Chifalansa chosalala, cha m'buku. Dalaivala anasangalala, n'kuyamba kulankhula mothamanga ngati akumuthamangitsa. Zambiri zinamudutsa Bonzhu, koma mawu amodzi anawagwira bwinobwino: bougies. Bamboyo anaimika zala zinayi. Mawuwo Bonzhu ankawadziwa, anakumana nawo kambirimbiri m'ndakatulo za pamayeso.

"Akufuna makandulo," anatero molimba mtima. "Anayi."

"Makandulo? Dzuwa likuswa mtengo chonchi?"

"Ndi zimene anena, a Girizi."

Anathamangira yekha kugolosale, n'kubwera nawo oyera bwino, anayi. Dalaivala anawayang'ana, anamuyang'ana iye, kenako anaseka mpaka kukhala pansi. Atatha, anatenga sipanala, anamasula pulagi yakuda bii m'injini, n'kuiika pambali pa makandulowo. M'Chifalansa kandulo ndi pulagi ya galimoto dzina lake ndi limodzi. Kuyunivesite anamuphunzitsa kandulo yekha.

Galaja yonse inafa ndi phwete.

"Tiyatse injini kapena tiyambe mapemphero?" anafunsa a Girizi akupukuta misozi.

Amalume ake okha sanaseke. Anamuitanira m'kaofesi kawo konunkha oyilo.

"Mwana wa mlongo wanga, ndinkati mwina Chifalansa chakochi chidzatithandiza tsiku lina. Lero ndadzionera. Ntchito yachepa, wosesa sindingamusunge. Ndakupatsa miyezi itatu, upeze kwina."

Kwinako kunali kumodzi kokha: kubwerera kwa amayi ake, amene anali atauza kale aliyense kuti mwana wawo adzagwira ntchito kuofesi ya kazembe. Bonzhu anakakhala kuseri kwa mulu wa matayala akutha n'kulira. Sanalire nthawi yaitali. Ngakhale kulira kumafuna mphamvu, ndipo iye analibe.

M'mawa mwake kagalimoto kaja kanali kadakali pomwepo, kakudikira chitsulo china. Bonzhu anang'amba katoni, anatenga cholembera, n'kupita kwa dalaivala uja mutu uli pansi. Analoza chitsulo chimodzi m'injini.

"Ichi mumachitcha chiyani?"

Bamboyo anamuuza. Analoza china, n'china, n'china. Pofika masana katoni inali itadzaza mbali zonse ziwiri. Asananyamuke, dalaivala anamuuza kumene malole akunja amaima, kuseri kwa depoti ya mafuta, ulendo wa ola lathunthu wapansi.

Musaganize kuti zinayamba kukoma pamenepo. Akaweruka ankayenda ulendowo ndi makatoni ake. Madalaivala ena ankamuyesa mkazi wofuna zina, ndipo ankanena poyera. Wina anamuphunzitsa mawu otukwana n'kumuuza kuti ndi dzina la giyabokosi. Ankabwerera miyendo ikuwawa, maso ofiira ndi fumbi, akudzifunsa ngati anzake amene anakwatiwa sanali anzeru kuposa iye.

Vuto lina linali lakuti mawu a Chifalansa akawapeza, sankadziwa chitsulocho chimagwira ntchito yanji. Anapita kwa a Girizi.

"Mayi Makandulo, mukufunanso chiyani?"

"Mundiphunzitse."

A Girizi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumuponyera ovolosi yong'ambika pabondo.

"Galimoto siiphunziridwa chiimire. Lowa pansipo."

Analowa. Oyilo anamudonthera m'tsitsi, zikhadabo zinada osayeranso. Anaphunzira kuti dalaivala satchula matenda a galimoto, amangodandaula: ikulira, ikukoka, ikugogoda, yafooka pamtunda. Anayamba kulemba madandaulowo m'zilankhulo zonse ziwiri. Zimenezi mulibe m'dikishonale iliyonse imene anagona nayo kuyunivesite.

Mwezi woyamba unatha, wachiwiri unatha. Mlendo ngakhale mmodzi sanabwere. Amalume ake ankadutsa pafupi ndi makatoni aja ngati sakuwaona. Sabata yomaliza Bonzhu anayamba kupinda zovala zake.

Kutatsala masiku awiri, lole yaikulu inatseka geti la galaja. Dalaivala wake, bambo wa imvi wotopa ngati Bonzhu yemwe, anatsika n'kufunsa m'Chifalansa: "Kodi ndi pano pamene pali mayi amene amamva?"

Magalaja awiri anali atamusinthira zitsulo zabwinobwino chifukwa cholankhulana ndi manja. Bonzhu anamukhazika pabenchi, anamupatsa tiyi, n'kumufunsa modekha. Ikulira bwanji? Nthawi yanji? Ili ndi katundu kapena yopanda? Mawu amodzi atamudutsa sananamizire kumva. Anati, "Bwerezani, bambo." Kenako anatembenukira kwa a Girizi.

"Akuti imalira ngati mphero, koma pokhapokha ikalemedwa n'kumakhotera kumanzere. Akawongola imachepa."

A Girizi sanaseke ulendo uno.

"Bering'i ya kutsogolo, kumanja. Bweretsani jeke."

Inalidi yomweyo. Dzuwa lisanapendeke lole inatuluka ili phee, dalaivala akuimbira anzake foni.

Tsiku lomaliza linafika. Bonzhu anabwera ndi chikwama chake, wokonzeka kutsanzika, pakuti amalume ake anali asanasinthe mawu awo aja. Anawapeza ali pamakwerero pageti, chitini cha penti chili m'manja, magalasi ali pamphuno.

"Iwe, galaja m'Chifalansa n'chiyani?"

"Ndi galaja yomweyo, malume. Kungosintha katchulidwe."

"Zaka zinayi kuyunivesite kuti udzandiuze zimenezo?" Anapukusa mutu. "Chabwino. Ndiuze mmene ndingalembere kuti pano timamva Chifalansa. Pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, ndisakuchititse manyazi. Ndipo chikwamacho kachiike muofesi, tebulo lapakona lija ndi lako."

Bonzhu anayamba kutchula zilembo. Amalume ake anaviika bulashi m'chitini n'kuyamba kulemba.

Bonzhu sanalemere, ndisakunamizeni. Mpaka lero amaweruka msana ukuwawa. Koma malole amaima mzere pageti lija, ndipo makampani onyamula katundu amamuitana kukamasulira mapepala awo.

Inu amene munaphunzira chilankhulo chimene kwanu palibe amachilankhula, simunataye nthawi. Digiri inakupatsani theka chabe. Theka linalo lili m'kamwa mwa anthu amene akuvutika kumvana penapake pafupi nanu, kuchipatala, kumsika, kugalaja. Apezeni, afunseni, akakusekani lembani zimene mwaphunzirapo. Mwatopa, ndikudziwa. Pumani lero, mawa mudzukenso. Koma mtima wokhawo, chonde, osautaya.