Chithunzi chimene ndinadula m'chiuno

Kwacha ndi mphepo yozizira kuno ku Lirangwe, dzuwa silinatuluke. Achemwali, lero ndi tsiku lija munatisiya, ndipo ndatulutsanso chithunzi chanu. Anatibweretsera ndi mnzawo wa alamu wogwira ntchito pabwalo la ndege ku Chileka, nthawi ija ya chipani chimodzi, inu muli ku Ulaya ndi amuna anu, alamuwo ali pasukulu. Munapita kumapiri ndi ana kukatsetsereka pa chipale chofewa, matabwa ataliatali kumapazi, mukuseka mano onse pamtunda. Koma munali mutavala buluku. Bambo atachiona anatseka chitseko. "Mkazi buluku? Anyamata a chipani akachiona tikagona kupolisi tonse. Iwe, kachiwotche." Ndinapita kuseri kwa nkhokwe ndi lezala n'kukudulani m'chiuno. Mbali ya buluku ndinaponya pamoto, nkhope yanu ndinabisa m'Baibulo.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'chakuti sindinatembenuze chithunzicho ndisanachidule. Kumbuyo munandilembera mawu, ndipo theka lake linapsa. Otsala ndi awa okha: "Mng'ono wanga, ndagwa kanayi, alamu ako akungondiseka. Ndikabwera ndidzakuuza..." Simunabwere, achemwali, munaikidwa konko. Kukulemberani kuti ndifunse ndinkaopa, poti ankati makalata amatsegulidwa. Dzulo pamsika ndinaona atsikana atavala mabuluku, popanda ndi mmodzi yemwe wowacheukira. Ndiye ine mawu anu ndinawawotcheranji?

Ndamaliza kulemba Lachinayi, sikisi koloko m'mawa.